Kuthokoza kwa Bambo Anga

Bambo anga sankadziwa kuyamba nkhani ndi dandaulo. Mbuzi za mnansi zikawadyera mtedza, ankapita kwa mwini mbuziyo, kukhala pansi, kufunsa za ana, kuyamikira khola, kenako n'kunena kuti, "Koma pali kanthu kandiyendetsa." Kwathu ku Mkanda, m'boma la Mchinji, munthu waulemu amadandaula choncho: amayamba wathokoza, mawu owawa amabwera pambuyo. Ine zimenezi zinkanditopetsa. Ndinatengera malemu mayi anga, amene ankangolasa pomwepo.

Chaka chimene pulezidenti ankafuna kuti timuvoterenso, feteleza wotsika mtengo sanafike ku kalabu ya alimi ya m'mudzi mwathu. Anthu anadikira mpaka chimanga chinachita chikasu chili m'mawondo. Ndiye zitamveka kuti atolankhani a wailesi ina abwera pamsika kudzamva maganizo a anthu, a m'kalabu anasankha bambo kuti akawalankhulire.

"Inu achimwene mumadziwa kuyala nkhani," anatero apampando a kalabu. Awiriwa anali pa ubwenzi kuyambira ali anyamata, pamene ankapalasira limodzi njinga kukagulitsa mtedza kutsidya kwa malire. Atakalamba, ubwenziwo unasamukira pa bawo, pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu.

Ine ndinkaphunzitsa ku boma, koma tsikulo linali Loweruka ndipo ndinali kumudzi. Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi dzuwa likuswa mtengo. Mtolankhani atawalozetsa maikolofoni, anavula chipewa ngati pulezidentiyo waima pamaso pawo.

"Choyamba tithokoze bwana pulezidenti. Ife a ku Mkanda tikuti zikomo. Msewu tauona, mtendere tili nawo, tikugona tulo." Anakoka mpweya. "Koma bwana, ana anu kuno tikulira."

Apa anayala zonse: feteleza amene sanabwere, mavenda amene amagula mtedza ngati akutola, azimayi amene ankawoloka malire kukagwira ganyu kuti apeze ufa. Sanakweze mawu, komanso sanasiye kanthu. Anthu anawomba m'manja, ndipo apampando anawagwira dzanja ndi manja awiri. Ine ndemwe, wonyoza zaulemu zawo, ndinanyada.

Sabata yotsatira ndinali m'sitolo ya mwenye wina ku boma, ndikugula shuga, pamene ndinamva mawu a bambo pa wailesi. Ndinauza aliyense kuti akhale chete. "Ife a ku Mkanda tikuti zikomo. Msewu tauona, mtendere tili nawo, tikugona tulo." Kenako panalowa nyimbo ya kampeni. Ndinaima ndi shuga m'manja kudikira zotsalazo, mpaka mwini sitolo anandifunsa ngati ndikufunanso china.

Sanaulutse kamodzi ayi. M'mawa, masana, madzulo, nkhani zisanayambe ndi zitatha, bambo anga ankathokoza. Dziko lonse linkauzidwa kuti alimi a ku Mchinji ndi okhutira. Kumudzi ana anayamba kuwatchula kuti a Tikugonatulo. Kunabuka mphekesera yakuti anabwerera kwa atolankhani aja mwamseri kukawauza kuti adule zinazo, ndipo analandira matumba a feteleza. Matumba ake ati? Chimanga chawo chinali chachikasu ngati cha wina aliyense, ndipo munda wawo unali m'mbali mwa njira!

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti anthu amenewa analipo pamsika paja. Anamva ndi makutu awo, anawomba ndi manja awo. Koma chimene unamva kamodzi uli pa dzuwa sichilimbana ndi chimene ukumva tsiku ndi tsiku uli m'nyumba mwako, ndi njala. Apampando anasiya kubwera ku bawo.

Ndinayesa kuimba foni pa pulogalamu ya maganizo a omvera, koma sinkalowa. Ndinapita kumudzi nditalusa, n'kupeza bambo ali pakhonde, wailesi ili pamwendo.

"Ababa, tsekani chinthucho! Anakuberani mawu anthu aja."

"Mwina mbali inayo adzaulutsa, mwanangu. Akuluakulu samaliza nkhani tsiku limodzi."

"Sadzaulutsa. Anapeza chimene ankafuna."

Anasisita wailesiyo ndi chala. Kenako anandifunsa kuti, "Ndiye ndinalakwa kuthokoza?"

Tsiku lina anavala jekete lija n'kupalasa njinga kupita kwa apampando kuti akakonze zinthu. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi akazi a apampandowo, patapita nthawi. Bambo anakhala pansi monga mwa masiku onse, anafunsa za ana, anayamba kuyamikira fodya amene anali m'chigafa. Mnzawoyo anawadula pakamwa.

"Zothokozazo kathokozeni pa wailesi, achimwene."

Bambo anatola chipewa chawo. Chimene anapitira sanachinene, chifukwa sankadziwa njira ina yofikira pa nkhani. Anabwerera akukankha njinga, osaikwera.

Anamwalira tisanavote. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ine sindikutsutsa. Pamaliro anthu anabwera ambiri, pakuti kwathu maliro sakanizana. Apampando anakhala kumbuyo, chipewa chili kumaso, mapewa akugwedezeka. Ndinawaona, koma mtima wowapatsa moni ndinalibe.

Pogawa katundu, ine ndinangopempha wailesi. Mufoni mwanga munali zithunzi za bambo, koma mawu awo ndinalibe paliponse. Ndani amaganiza zojambula mawu a bambo ake? Choncho ine yemwe uja, amene ndinkawakalipira kuti atseke, ndinayamba kuthamangira kunyumba ndikaweruka kuti nkhani zisandipitirire. Ndinkadana ndi uthenga wa kampeni uja, ndinkatukwana amene anaudula, koma ndinkakweza voliyumu.

Ndikumvetsera choncho, ndinatulukira kanthu. Wodulayo sanadule bwino. Bambo akangoti "tikugona tulo," nyimbo isanalowe, pankamveka kukoka mpweya kuja. Ndinkagunditsa khutu pa wailesi kuti ndikumve. Dziko lonse linkamva mlimi wokhutira, ine ndinkamva bambo anga akukonzeka kunena zoona.

Kenako nthawi ya kampeni inatsekedwa. Ndinkadziwa kuti idzatsekedwa, ndine mphunzitsi, koma sindinaganize kuti zikundikhudza. M'mawa mwake ndinatsegula wailesi ndikupanga tiyi. Nkhani zinayamba, zinatha, kunabwera uthenga wa sopo. Masana chimodzimodzi. Madzulo ndinakhala pamkeka, wailesi ili pamwendo, mpaka nkhani zinatha.

Pamanda paja misozi inandikana chifukwa cha mkwiyo. Ndinadzalira madzulo amenewo, pamkeka paja, ndekha, wailesi ikulengeza malo ovotera.