Foni ya Amake Mapasa

Rauta ya waifai ndinaigula m'chaka changa chachiwiri chophunzitsa pa pulayimale ina kuseri kwa Malindi. Kumeneko netiweki imachita kusakidwa ngati nkhuku yothawa mpeni. Kuti uimbe foni unkayenera kukwera pachulu cha kuseri kwa chigayo, ndipo za vidiyo usatchule n'komwe. Amuna anga anamangirira mlongoti wake pansungwi yaitali n'kuikhomera kudenga, kabokosiko tinakaika pawindo la pabalaza, pafupi ndi batire la sola. Tigetsi take titangoyaka, mudzi wonse unali utamva kale.

Pasiwedi ndinaipereka ndekha, popanda wondikakamiza. Ndinali mlendo wochokera ku Ntcheu, Chiyao changa chothera pa moni, ndipo ndinkafuna kuti anthu andikonde. Makomo ambiri kumeneko amuna ali ku Joni, choncho khonde langa linasanduka la azimayi. Lachisanu masana, amuna awo akatuluka mumzikiti ku Joniko, azimayiwo ankadzaza khonde mpaka kusefukira pansi pa mango, aliyense foni kumaso, kuonetsa ana, kuonetsa mbuzi, ena kungolira.

Mmodzi mwa iwo anali amake mapasa, mayi wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Amuna awo anali ansanje yoopsa. Foni anawatumizira okha kuchokera ku Joni, pamodzi ndi lamulo lakuti Lachisanu lililonse aziwaona pavidiyo, ndipo azizunguliza foniyo kuti aone amene akhala nawo pafupi. Ankati mkazi wosayankha vidiyo ali ndi chimene akubisa. Lamuloli tonse tinkalidziwa, ndipo tinkatukula manja kuwapatsa moni bambowo foni ikatidutsa.

Tsiku lina mmodzi mwa mapasawo anakodzera pakhonde pamene ndinali nditangopaka polishi. Ndikukolopa, amake anati, "Pepani amadamu. Koma nyumba yanu imawala bwanji, poti mulibe oidetsa." Azimayi anaseka. Ine ndinali nditatha zaka zisanu ndi ziwiri pabanja popanda mphatso. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandinyoza kapena pakamwa panangoterereka. Ndinaseka nawo, koma mawuwo ndinawasunga.

Wondigulitsa rauta anali atandionetsa tsamba lomwe limatulutsa mafoni onse olumikizidwa, ndi potsekera foni imene sukuifuna. Ya amake mapasa sinandivute kupeza. Ndinadikira kuti anyamuke, n'kuona imene yazimiririka pamndandanda. Ndinaitsekera iyo yokha. Ndinkati ndiwaphunzitse kusunga pakamwa, basi.

Lachisanu loyamba ndinakhala pawindo ngati ndikuchonga makope. Onse akulankhula ndi amuna awo, amake mapasa okha foni ikungokana. Anaizimitsa, kuiyatsa, kuipukuta ndi chitenje, kuikweza m'mwamba moyang'anitsa kunsungwi ija. Ndisaname, zinandikoma. Anapempha foni ya alamu awo, mlongo wa amuna awo, amene chikwatiwire sanawakondepo. Alamuwo anati yatha moto. Kenaka alamuwo anazungulira kuseri kwa nyumba yanga, pansi penipeni pa windo la kukhitchini, n'kuimbira mlongo wawo wa ku Joniyo pafoni yomweyo. Ankalankhula Chiyao, koma mawu akuti waifai ndinawamva kangapo, ndi kuseka komwe. Mayi wina anandimasulira mawa lake kuti ankati aliyense akulankhula bwinobwino pano, afunse akazi awo chimene akuthawa.

Amake mapasa anakwera pachulu paja n'kuimba ya mawu okha. Bambowo anati mawu sakuwafuna, mawu munthu amalankhula ali m'chipinda cha mwamuna wina. Mlungu wotsatira mayiwo anakwera galimoto mpaka kuboma kwa okonza mafoni. Wokonzayo sanapeze vuto lililonse, ndipo pofuna kuwatsimikizira analumikiza foniyo ku waifai ya m'shopu mwake n'kuimba vidiyo. Bambo aja ku Joni anayankha, n'kuona nkhope ya mwamuna wachilendo pafoni ya mkazi wawo, kumbuyo kwake mkaziyo atatchena zopitira kutauni. Anadula osamva ndi liwu limodzi.

Nkhaniyi amake mapasa anandiuza okha, Lachisanu lachitatu, atagwada pakhomo panga ndi mbale ya utaka wauwisi.

"Amadamu, inu ndinu ophunzira. Kuboma ikugwira, pano ikukana. Tandionerani, banja langa likutha."

Maso anali atatupa. Apa ndiye pamene munthu wamtima akanasiya. Koma pakhonde mapasa aja ankalimbirana bere la amawo, wina uku wina uku, ndipo mawu aja anandibwerera atsopanotsopano. Ndinatembenuza foniyo kawiri n'kuwabwezera.

"Mwina yakalamba," ndinatero.

Utakawo ndinalandira. Ndinauphika ndi tomato, amuna anga n'kuyamikira kuti unali wonona.

Lachisanu lachinayi mkwiyo unali utandithera wokha, monga umachitira. Ndinadziuza kuti aphunzirapo. Atafika ndinawaitana pamaso pa onse, ndinatenga foniyo n'kulowa nayo m'nyumba ngati dokotala. Kutsegulako kunali kungodina kamodzi, koma ndinakhalitsa dala kuti aziti ndavutika nayo. Ndisanatuluke n'komwe inayamba kulira m'manja mwanga, mauthenga a masiku onsewo akulowa motsatizana. Azimayi anaomba m'manja, wina mpaka kululutira.

Amake mapasa sankadziwa kuwerenga, choncho amuna awo ankawatumizira mauthenga a mawu, ndipo iwo anazolowera kuwamvera pasipika. Anakhala pansi akumwetulira n'kudina womaliza. Bambowo ankalankhula mosakweza, ngati akuwerenga kalata. Chiyao chonsecho chinandidutsa, koma liwu lakuti talaka ndinkalidziwa, ndilo limathetsa ukwati kwa anzathu achisilamu. Analitchula katatu. Pansi pake panali chithunzi cha bambowo atakhala ndi mtsikana wovala zaukwati.

Azimayi onse anatsitsa mafoni awo. Mafoni ena anapitiriza kulankhula okha, amuna a ku Joni akufunsa kuti kwachitika chiyani. Alamu aja anaweramira pansi, akukonza mpango umene unali wokonzeka kale.

Amake mapasa sanalire. Anabereka mwana mmodzi kumbuyo, wina anamunyamula m'manja, foni anaimanga kunsonga ya chitenje. Ndinkaganiza kuti akupita, koma anatembenuka n'kubwera pamene ndinaima pakhomo. Mumtima ndinati adziwa. Anagwada ndi ana onse awiri.

"Zikomo amadamu, mwandikonzera," anatero. "Mulungu akupatseni chimene mtima wanu ukufuna."

Ndinawayankha kuti palibe kanthu.