Dothi la pachulu ndi shuga

Chotupa ndinachipeza ndikuyamwitsa, m'bere lakumanzere, cholimba ngati nzama. Mwana anali asanayambe kukwawa. Bambo ake sindinawauze. Ku chipatala cha Nguludi munthu amafika wapansi, koma ine, ndi satifiketi yanga ya kukoleji, ndinkaopa kukamva dzina la matendawo.

Masiku omwewo achimwene anabwera kutchuthi kuchokera kunja komwe amaphunzira. Anakhala pakhonde la amayi, nsapato zosongoka zili ng'aning'ani, n'kumafotokoza ntchito yawo. Akuti m'dothi muli mabakiteriya opanga mankhwala opha khansa. Achimwenewo amasintha maenzayimu, tizida ta m'kati mwa tizilomboto, kuti azimata shuga pa mankhwalawo, mwina angamasungunuke bwino m'magazi.

"Ndiye afika liti kuno, achimwene?" ndinafunsa, dzanja lili pachifuwa.

"Aaa, chemwali, musathamange. Tikuyesa kaye pa mbewa."

"Mbewa?" Amayi anaseka mpaka kutsokomola. "Ife tikudya zapampani, inu mukuzigoneka m'chipatala?"

Ine sindinaseke. Munthu kuwoloka nyanja kukasamala mbewa, mlongo wake ali pomwepo kudzipapasa bere, iye osaona!

Amene anaona ndi amayi. Kutacha anandibweretsera m'mbale dothi la pachulu, lija amadya amayi oyembekezera, atalisinja ndi shuga.

"Mchimwene wako wanena yekha, dothi ndi shuga. Tidikire za azungu chulu tili nacho kuseri kwa khola?"

"Amayi, umbuli wanji umenewu? Mabakiteriya ake si amenewo."

"Ndiye ndi ati? Iwe wophunzirawe, kaloze."

Ndinawanyoza tsiku lonse. Koma mbale ija ndinaibisa kubafa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatapa pang'ono, mano akukukuta mchenga, ndikuganiza za amene adzalere mwana wanga. Satifiketi ili phee m'sutikesi.

Mwana atayamba kukana bere lija ndi pomwe ndinam'bereka, ulendo wa ku Nguludi. Anamwino anakanikiza apa ndi apo, n'kunditumiza ku Blantyre kukaunikidwa. Kumeneko anati si khansa, ndi mkaka wotsekeka. Ndinalira m'minibasi mpaka kondakitala anaiwala kundikuwira kuti ndilipire.

Achimwene anabwerera ku mbewa zawo osadziwa kanthu. Amayi mpaka lero amauza azimayi a kumphakati kuti dothi lawo ndilo linandichiza, moti chulu chathu chatha mbali imodzi. Ndikatsegula pakamwa kuti nditsutse, amangondifunsa pamaso pa anthu: "Nanga mbale ija anamaliza ndani?"