A Alvise Sakhala Pansi M'bwato

Kuno ku Venezia, mzinda wa pamadzi wa ku Italy, munthu timamudziwira m'bwato lowolotsa anthu pa Ngalande Yaikulu. Mlendo akangolowa amasakasaka pokhala, manja atagwiritsa m'mbali, maso tong'o pamadzi. Mwana wa mumzinda uno amawoloka chiimirire, manja ali m'thumba. Palibe analemba lamulo limeneli, koma tonse timalidziwa, ndipo amene ankalisunga kuposa wina aliyense anali a Alvise Busetto.

A Alvise anabadwira m'dera la Cannaregio mumzinda momwemuno, m'nyumba yam'mwamba ya masitepe makumi asanu, ndipo anakalambira momwemo. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi anagwira ntchito yotumbula nsomba pamsika wa Rialto, kutsidya kwa ngalande, ndiye m'mawa uliwonse ankawoloka. Anaima m'bwatomo tsiku la ukwati wawo, anaima madzi atasefukira mumzinda, anaimanso pochokera koika maliro a mkazi wawo, mayi Fosca. Atapuma pantchito sanaleke. Ankawolokabe kukagula tinsomba tinayi ta nkhomaliro, ndi kukauza amene anatenga tebulo lawo kuti sadziwa kugwira mpeni.

Alendo ndiye ankadana nawo kwabasi. Akaona gulu likutsatira mayi wonyamula ambulera m'mwamba, ankaima pakona n'kupukusa mutu. "Nkhosa izi! Munthu kuchoka kutali konseko kudzaona mzinda, n'kufika n'kumauonera m'foni."

Koma nkhosazo zinkawakonda iwo. Nkhalamba yoima njo pakati pa bwato, chipewa chopendekeka, nyuzipepala m'khwapa, ndani akanaisiya osaijambula? A Alvise ankang'ung'udza kuti iwo si chipilala, komatu ife tinaona kuti anayamba kupesa ndevu asanatuluke m'nyumba. Gigio, wopalasa bwato amene anawawolotsa zaka makumi atatu, sankawasiya.

"Madala, lero mwadzola mafuta kumutu. Chithunzi chake chikupita ku Japan eti?"

"Palasa iwe, usandiyambe. Bambo ako ankapalasa atatseka pakamwa."

"Tembenukani pang'ono, mayi uyo akufuna mbali yokongolayo."

Ndipo a Alvise, uku akutukwana, ankatembenukadi.

Vuto linali bondo lakumanzere, ndiponso mwana wawo wamkazi, Loredana. Iye anakwatiwa kumtunda, ku Mestre, kumene kuli misewu ya magalimoto ndi nyumba za chikepe, ndipo anali atawakonzera kale chipinda. Lamlungu lililonse ankabwera ndi nkhani imodzimodziyo.

"Bambo, masitepe awa adzakuphani. Mudzagwa muli nokha, ife tidzamva patatha masiku atatu."

"Ku Mestre ndikatani? Kuwerenga mabasi?"

"Kuli mpando wabwino pakhonde. Mukapuma."

Mawu akuti mpandowo ndi amene anawapsetsa mtima. Tsiku lina, akumuperekeza Loredana padoko, anamuyankha pamaso pa Gigio: "Tsiku limene ndidzakhale pansi m'bwato ili, ubwere ndi masutikesi. Tsikulo lisanafike, usandiuzenso za Mestre."

"Mwanena nokha, bambo," anatero Loredana. "Gigio, ndiwe mboni."

A Alvise anaganiza kuti amutseka pakamwa mpaka kalekale. Ndipo kwa zaka ziwiri zinayendadi. Bondo linkabaya ngati munga wa nsomba, iwo n'kumaluma mano, n'kumamwetulira m'mafoni a anthu osawadziwa.

Tsiku lake linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, kunja kuli bwinobwino. M'bwato munadzaza alendo ochokera ku Torino, Ataliyana anzathu, ndi mtsogoleri wawo, mayi wa ambulera yachikasu. Iye anakhala kutsogolo, nkhope italoza kunyumba yakale ya m'mbali mwa ngalande, akufotokoza zaka zake, ndipo onse analoza mafoni komweko. Kwa nthawi yoyamba palibe anawayang'ana a Alvise. Pakatikati, boti la injini linadutsa mothamanga n'kusiya funde. Silinali funde loti n'kulitchula, anali atakwerapo mafunde aakulu kuposa limenelo kambirimbiri. Koma bondo linangoti fwa, ndipo a Alvise anapezeka ali pathabwa, pakati pa bambo wonenepa ndi mkazi wake.

"Khalani bwino, agogo," anatero bamboyo, akuwasendererako mokoma mtima. "Musachite manyazi, nafenso tikuopa."

Anayesa kudzuka, mwendo unakana. Apo m'pamene mtsogoleri uja anatembenuka, nayang'ana bwato lonse, nadandaula.

"Pepani abale, lero mwachita tsoka. Eni ake a mzinda uno amawoloka ataimirira, ndi zokongola kuona, koma atsala ochepa. M'bwato muno mulibe ngakhale mmodzi."

Alendo anati "aaa" mokhumudwa, bambo wonenepa uja n'kuwagunda a Alvise ndi chigongono kuti nawonso amve chisoni. Gigio anatsegula pakamwa kuti ayankhe, a Alvise anamuyang'ana, ndipo anatseka. Mawu a mtsogoleri aja anawapweteka kuposa bondo, chifukwa mayiyo sananame.

Atafika tsidya, Gigio anawagwira mkono, chinthu chimene sanachitepo, nawanong'oneza.

"Ine sindinaone kanthu, madala. Maso anga anali pafunde. Loredana sadzamva."

"Ine ndaona," anatero a Alvise.

Nsomba sanagule tsiku limenelo. Anabwerera kwawo podzera pamlatho wa Rialto, njira yaitali imene ankati ndi ya nkhosa, sitepe imodzi imodzi, atagwira m'mbali mwa mlatho, ambulera zamitundumitundu zikuwapitirira. Atafika m'nyumba anaimba foni.

"Loredana, ubwere ndi masutikesi awiri. Zithunzi za amayi ako zikhale mwa zokha."

Tsopano ali ku Mestre. Nyumba ya masitepe makumi asanu ija mumagona alendo, ndipo akuti amayamikira kuti ndi Venezia weniweni. Gigio anakawaonako mwezi watha, ndipo ndi iye anatiuza zimene amachita. M'mawa uliwonse a Alvise amapesa ndevu, kuvala chipewa, n'kukwera basi yopita kumsika. Mipando imakhala yopanda anthu, achinyamata amawalozera pokhala, koma iwo amaima njo pakati, manja m'thumba. Palibe amawajambula. Dalaivala yekha ndi amene amawaona pagalasi, n'kukuwa kuti, "Agogo, khalani pansi, mugwa!"