Siteji Yachiwiri ya Adalaivala

Ku depoti ya mabasi onse ankangowatchula kuti Adalaivala, ngakhale kuti madalaivala analipo makumi awiri. Wamkazi anali iwo okha. Kwa zaka khumi ndi zinayi anayendetsa basi ya m'tauni osagunda ngakhale nkhuku, ndipo palibe anawaonapo akuseka ali pa chiwongolero.

Chotupacho anachipeza chifukwa cha lamba wa pampando. Akamanga lambayo ankamva kanthu kolimba m'bere, kangati kanjere ka nyemba. Sikankapweteka. Analemba lipoti loti lamba wa basi yawo akukanikiza. Amakaniki anasintha lamba. Kanthu kaja sikanasunthe.

Patatha miyezi inayi, mng'ono wawo, yemwe ndi telala, anakakhudza powayeza diresi.

"Achemwali, ichi n'chiyani?"

"Lamba."

"Lamba wake wolowa m'thupi?"

M'mawa mwake anawakokera kuchipatala. Kumeneko anadula kachidutswa ka chotupacho kukapima, n'kuwajambula m'chifuwa, m'mimba ndi mafupa. Patatha masabata atatu, dokotala anawakhazika m'kachipinda kokhala ndi mipando itatu ndi fani yosazungulira.

"Mayi, ndi khansa ya m'mawere. Ili pa siteji yachiwiri."

"Masiteji alipo angati?"

"Anayi."

"Njira yake ndi yaifupi," anatero Adalaivala.

Dokotala sanadziwe ngati aseke. Anatenga pepala n'kuyamba kujambula. Pa siteji yoyamba, anati, chotupa chimakhala chaching'ono. Pa yachiwiri chimakhala chokulirapo, kapena khansa yafika pa anabele a m'khwapa. Pa yachitatu yagwira anabele ambiri, khungu kapena minofu ya pachifuwa. Pa yachinayi yapita kutali, kumafupa, kumapapo kapena kuchiwindi.

"Chanu ndi masentimita atatu, ndipo mwanabele mmodzi wagwidwa. Mapapo ndi mafupa zili bwino."

Telala anayamba kulira. Adalaivala anamupatsa kampango osamuyang'ana.

"Ndiye kuti siteji yoyamba ndinaipitirira osaima?"

"Mwina. Sitingadziwe. Koma pano tikhoza kulimbana nayo."

"Chabwino. Muthane nane msanga, ndili ndi ulendo wa 2 koloko."

Ulendowo anayendetsa wina, ndi maulendo onse a chaka chimenecho. Bere analichotsa. Kenako anayamba kulandira mankhwala a m'diripi, kasanu ndi kamodzi. Tsitsi linathothoka, chakudya chinkangomveka ngati chitsulo m'kamwa. Analira kamodzi kokha, masana ena m'bafa, atadziona pagalasi. Anatsegula mpopi kuti mng'ono wawo asamve. Iye anamva ndithu, koma anangopondaponda mashini ake mwamphamvu. Madzulo anawasokera kathumba ka thonje koika m'bulauzi.

"Lakula kuposa linzake," anatero Adalaivala atayesa.

"Ndichepetse?"

"Lisiye. Mwina ndipeza banja."

Atachira, mkono unkatupa akagwira chiwongolero nthawi yaitali. Abwana anawapatsa ntchito yophunzitsa madalaivala atsopano. Amakhala pampando wakumbuyo kwa wophunzira, manja pamiyendo, n'kumangoti, "Buleki, bambo. Anthuwa ali ndi ana."

Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse amabwerera m'kachipinda kaja. Ulendo wathawu dokotala anayang'ana zithunzi zonse n'kutseka faelo.

"Palibe chatsopano, mayi."

"Ndiye mwandiitanira chiyani?"

"Kuti tidziwe kuti palibe."

Adalaivala anaganiza pang'ono, n'kugwedeza mutu.

"Ntchito yanu ndi yabwino," anatero, akumanga mabatani a jekete.