Mphunzitsi wa ku Nkhotakota M'misewu ya Hull

A Rowland Kamphinda anaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina ku Nkhotakota kwa zaka khumi ndi zinayi. Mu 2002 akazi awo, mayi Edwina, anapeza ntchito ya unamwino ku Hull, ndipo iwo anawatsatira, masatifiketi ali m'chikwama, poganiza kuti kumene kuli ana asukulu mphunzitsi sangasowe choko. Anagogoda pa masukulu asanu ndi limodzi. Konseko yankho linali lofanana: mapepala anu ndi abwino, koma mubwerere kaye m'kalasi. Mapeto ake anakathera m'fakitale yolongedza nkhuku, atavala chipewa cha pulasitiki ndi magambuti oyera.

Chimene chinawathandiza kuti mutu usasokonekere ndi kuyenda. Loweruka lililonse ankakwera basi kupita pakati pa mzinda, n'kuyamba kuupondaponda ndi miyendo. Ankayambira pa chipilala chachitali cha Wilberforce, mwana wa mzindawo amene analimbana ndi malonda a akapolo, n'kulowera ku High Street, msewu wopapatiza wamiyala kumene kuli nyumba yomwe anabadwira. Kuchoka apo ankadutsa tchalitchi chachikulu cha Holy Trinity ndi chiboliboli chagolide cha mfumu itakwera hatchi, n'kukathera m'mbali mwa mtsinje wa Humber, madzi ake amatope ngati dambo la m'dzinja. Chimene sanachimvetse ankakachifufuza ku laibulale, n'kuchilemba m'kope lachikuto chofiira. Patatha zaka zinayi ankaudziwa mzindawo kuposa anthu ambiri obadwira momwemo.

Kuntchito ankaima pafupi ndi Clara, mayi wochokera ku Salvador m'dziko la Brazil. Chingelezi chake chinali chothyokathyoka, koma ankamvana. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi anawapeza akuwerenga kope lija ndipo anawafunsa kuti muli chiyani. Atamufotokozera, Clara anaika kapu pansi.

"Imeneyo inali ntchito yanga zaka zisanu ndi zitatu," anatero. "Ndinkayenda ndi alendo pakati pa mzinda wathu wakale. Matchalitchi okutidwa ndi golide m'kati, nyumba zamitundumitundu, zitunda zoti mawondo amalira. Bwalo limene alendo amakonda kujambulitsapo, dzina lake limatanthauza mtengo wokwapulirapo akapolo. Bwana wanga ankati zimenezo ndizinena mothamanga, kenako ndiwalozere kogula ayisikilimu."

A Rowland anamuuza kuti ena mwa anthu amene anawolotsedwa kupita ku Brazil anachokera chakwathu konkuno, anatsetserekera ku doko la Quelimane magoli ali m'khosi. Kuyambira pamenepo Clara anayamba kuwatchula kuti aphunzitsi, ndipo Loweruka lina ndi lina ankayenda nawo.

Chaka cha 2007 mzinda wonse unali pa kalikiliki wokumbukira kuti patha zaka mazana awiri chikhazikitsireni lamulo loletsa malonda a akapolo. Kampani ina yaing'ono yoyendetsa alendo inalengeza kuti ikufuna anthu otsogolera maulendo apansi. A Rowland anasita jekete lomwe ankavala pa misonkhano ya makolo ku Nkhotakota, natenga kope lawo.

Mwini kampaniyo anali mayi wina dzina lake Joan, wansangala, womwetulira ndi mano onse. Anawamvetsera kwa ola lathunthu. Anamuonetsa njira yawo, poima paliponse ndi zonenapo. Anamuuzanso mfundo imene iwo ankaiona kuti ndi mutu wa nkhani, yakuti lamulo la 1807 silinafike ku Nkhotakota, kumene zombo zinapitiriza kuwolotsa anthu mpaka cha m'ma 1890. Joan anagwira pamtima, nati sanamvepo zotere. Anapempha kuti ajambule masamba a kopelo pa makina kuti akawaonetse anzake. Iwo anavomera ndi mtima umodzi.

Patapita milungu iwiri foni inalira.

"Bambo Rowland, tachita nanu chidwi kwambiri," anatero Joan. "Vuto n'lakuti alendo athu ambiri ndi achikulire, ndiye kalankhulidwe kanu kangawavute kumva. Koma tili ndi malo ena okuyenerani. Kumapeto kwa ulendo, kumtsinje kuja, tikufuna munthu wa ku Africa aime atavala chiguduli ndi unyolo. Ndi wapulasitiki, si wolemera. Ngati mumatha ng'oma, ndiye bwino kwambiri."

"Mwandimva bwinobwino ola lathunthu lija," anayankha a Rowland. "Makutu anu atsekeka liti?"

Joan anaseka pang'ono, nati asazitengere kumtima. Iwo anadula foni. Anakoka tayi, koma mfundo inakana kumasuka. Mayi Edwina, amene anali atangofika kuchokera kuchipatala, anawamasula okha.

"Kwa eni kulibe mkuwe, bambo a kunyumba," anatero. "Zisiyeni."

Akanazisiya. Koma mlungu wotsatira Clara anabwera kuntchito ndi kapepala kokongola kamene anakatola ku siteshoni. Kanali ka kampani ija. Njira inali yawo, poima ponse khumi ndi pawiri, ngakhale kanjira kachidule kodutsa kuseri kwa tchalitchi komwe anakatulukira okha. Ziganizo zina zinali zawo liwu ndi liwu. Dzina lawo panalibe. Nkhotakota panalibenso.

Loweruka la kumapeto kwa Malichi anagula matikiti awiri, iwo ndi Clara, nakaima m'gulu la alendo pafupifupi makumi awiri pansi pa chipilala chija. Wotsogolera anali Joan mwini wake. Atawaona, kumwetulira kunazima kaye, kenako kunabwerera. Anayenda ola ndi theka a Rowland akumva mawu awo akutuluka m'kamwa mwa munthu wina. Ngakhale nthabwala yawo ya hatchi yagolide inanenedwa, ndipo anthu anaseka. Iwo anangoluma mano.

Atafika kumtsinje, mphepo ikucheka ngati lumo, anaona munthu ataima pafupi ndi chitsulo chotchingira madzi, wopanda nsapato, chiguduli paphewa, unyolo m'manja. Anali Kenani, bambo wa ku Karonga amene ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi, yemwe kwa zaka zitatu anali akudikira yankho la boma pa pempho lake lokhala m'dzikomo. Milomo yake inali itatuwa. Alendo anatulutsa makamera.

"Ndipo chifukwa cha mzinda uno," Joan ankamaliza, "maunyolo ngati awa anaduka mpaka kalekale."

A Rowland anatuluka m'gululo, navula chikhoti chawo n'kumufunditsa Kenani.

"Aphunzitsi, musandionongere," ananong'ona Kenani m'Chichewa. "Sindiloledwa kugwira ntchito. Ana adya chiyani?"

"Ndikudziwa, achimwene. Valani nsapato."

Kenako anatembenukira kwa alendo, nalankhula ndi mawu omwe ankafika nawo kumbuyo kwa kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu.

"Dzina langa ndine Rowland Kamphinda. Zonse mwamva lerozi ndinalemba ndine, kupatula chiganizo chomalizachi, chifukwa ndi chabodza. Kwathu ku Nkhotakota anthu ankagulitsidwabe zaka zoposa makumi asanu ndi atatu lamulo lanulo litasainidwa. Mayiwa kwawo ku Brazil ukapolo unatha mu 1888. Ndipo bambo mukuwajambulawa si chiboliboli. Ali ndi dzina, ali ndi ana awiri, ndipo akumva kuzizira. Mwandimva, kapena kalankhulidwe kanga kakuvutani?"

Makamera anatsika limodzi ndi limodzi. Joan, nkhope itafiira, anawauza kuti akusokoneza ulendo wolipiridwa ndipo achoke. Clara anamuyankha m'Chipwitikizi mawu ambirimbiri omwe panalibe wowamva, koma tanthauzo lake linali losafuna womasulira. Anachoka atatu, a Rowland, Clara ndi Kenani. Alendo anayi anawatsatira mpaka pamalo okwerera basi, akufunsa kuti Nkhotakota ili kuti.

Kenani sanawalankhule mwezi wathunthu. Kampani ija sinamuitanenso, ndipo iye ankati a Rowland anagula ulemu wawo ndi chakudya cha ana ake. Mawuwo anawapweteka kuposa a Joan, chifukwa munali choonadi. Anakagwada kwa akuluakulu a mpingo kuti banja la Kenani liziganiziridwa mlungu uliwonse, ndipo mayi Edwina, omwe poyamba ankati zisiyeni, ndiwo ankanyamula zakudyazo pa basi. Kwa Joan analemba makalata atatu opempha kuti dzina lawo liikidwe pa kapepala kaja kapena kachotsedwe. Yankho linabwera limodzi, lonena kuti mbiri yakale ilibe mwini. Kapepalako kanakhalabe pa siteshoni zaka zina ziwiri, ndipo nthawi zonse akamadutsapo mtima unkawawira mwatsopano.

Mu Meyi chaka chomwecho anayamba maulendo awoawo, aulere, Loweruka lililonse nthawi ya teni koloko. Oyamba kubwera anali anamwino a ku Malawi ndi ku Zambia ndi ana awo, omwe ankafunsidwa m'Chichewa n'kumayankha m'Chingelezi. Kenako kunabwera a ku Poland a kufakitale, kenako azungu a mumzinda momwemo. Pa mtsinje Clara ankapatsidwa mphindi khumi kuti afotokoze za Salvador, ndipo sanathamangitse mawu. Kenani anabwera kamodzi, anaima kumbuyo manja ali m'thumba, ndipo pomaliza anagwira a Rowland chanza. Chaka chotsatira boma linamusamutsira ku Bradford.

Ntchito ya uphunzitsi sanaipezebe. Mu 2009 anali akulongedzabe nkhuku, mawondo atayamba kutupa. Loweruka lina la chaka chimenecho, ataima pa munda wamaluwa umene kale unali doko, akufotokoza chaka chimene linakwiriridwa, mkulu wina wa ndodo dzina lake Thompson, amene anagwira ntchito m'madoko a Hull moyo wake wonse, anawadula mawu.

"Chakacho mwalakwitsa. Bambo anga analipo akulikwirira dokoli."

Anatsutsana pamaso pa anthu mpaka ena anayamba kuyang'ana mawotchi. Lolemba a Rowland anaweruka molunjika ku laibulale, ndipo anapeza kuti mkuluyo ndiye ankanena zoona. Anafufuza kumene amakhala, nakwera mabasi awiri kukamuuza. Thompson anawatsegulira chitseko atavala masilipasi, anawamvetsera, nati aloweretu chifukwa palinso zinthu zina ziwiri zimene amalakwitsa.