Babu ya tesita yanu yapsa

Bambo a Chikondi, dzulo babu ya tesita yanu yapsa. Ndikunena kachipangizo koyezera mabatire a sola kaja munapanga nokha m'kabokosi ka sopo, mutakana kugula ka m'sitolo ati n'kodula. Ndikukuonanibe muli pakhonde, mukuwerengera pa zala: babu, swichi, mawaya awiri, timapini. "Zonsezi ndi ndowa imodzi ya mbatatesi basi, mayi a Chikondi. Zotsalazo ndichotsa mu wailesi yakufa ija." Munaiwala thiransipoti ya ku Lizulu, munaiwalanso kuti mupsereza zina musanakhoze. Zinapita ndowa zitatu, ine n'kukukwiyirani sabata yathunthu.

Chimwalirireni inu, anthu a kuno ku Kandeu akubwerabe ndi mabatire awo, ndipo ndimawayezera momwe munandionetsera. Lero ndinakwera kupita ku Lizulu kukafuna babu ina. Mwini sitolo anandifunsa kuti ndikufuna ya mphamvu ya mavolti angati. Ndabwerako chimanjamanja, msana ukuwawa, mabatire a eni ake ali ndandanda pakhomo. Ndatopa, bambo. Mbatatesi zilipo, ngakhale ndowa zitatu ndipereka osadandaula. Wondiuza babu yake ndiye palibe.