Anapiye pa Malire a Cassacatiza

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Cassacatiza, mu esikiritoriyo yaing'ono yokonza mapepala a katundu wodutsa malire a Mozambique ndi Zambia. Ndinali mtsikana wochokera kumudzi kufupi ndi Mualadzi, ndipo komputadori ndinaiphunzirira pomwepo. Ashefi anandionetsa kuti m'mawa uliwonse ndiziyamba ndi kutsegula VPN, kanjira kotsekedwa kolumikiza komputadori yathu ndi ya akuluakulu ku Tete. Kanjirako kakakana, pepala la katundu silipita, ndipo galimoto siidutsa.

Tsiku lina m'nyengo yotentha ashefi anapita kumaliro ku Nsadzo. Dzulo lake anali atasiya komputadori ikulowetsa sistema yatsopano, monga analamulira a ku Tete. M'mawa ndinaipeza itasintha nkhope, ndipo siinkazindikiranso kamodemu kathu kobweretsa intaneti, kamene chingwe chake chinkakwera pansungwi yaitali padenga.

Ndinachita zomwe aliyense amachita kumeneko. Foni zathu zimakhala ndi makaritau awiri, kapena kuti masimu: wa kwathu woimbira, ndi wa ku Zambia wa intaneti, chifukwa redi, netiweki ya tsidya lina, ndiyo imalowa mpaka m'nyumba. Ndinagawira komputadori intaneti ya pa foni yanga. Masamba onse ankatseguka bwino. Koma VPN inazungulira, kuzungulira, n'kukana.

Ndikuyesanso, panja panaima kamiyau, lole yonyamula katundu. Ndisanaone munthu ndinamva kulira kwa anapiye, kochuluka ngati mvula pamalata. Analowa mayi wamalonda amene ankaoda anapiye ku Zambia kukagulitsa ku Tete, dalaivala wake ali pambuyo.

"Mwana wanga, ashefi ako ali kuti?"

"Apita kumaliro, amayi. Ndikuthandizani ndine."

"Chita msanga. Tinthu iti sitidikira dzuwa."

Ndinaimbira pa intaneti ya ku Zambia ija tekiniko wathu wa makomputadori wa ku Tete, munthu amene ndinali ndisanamuonepo. Ankalankhula mothamanga, kwinaku akuyankha anthu ena.

"Intaneti ilipo?"

"Ilipo, abambo."

"Kupatula sistema, mwasintha china?"

Za foni zija zinandifikira pakamwa. Koma ndinaona kuti n'zazing'ono, zosayenera kutayitsa nazo nthawi munthu wotanganidwa chotero. "Palibe," ndinatero.

Anandiuza kuti ndizimitse komputadori n'kuiyatsanso. Inakana. Ndilembenso senya, mawu achinsinsi olowera, pang'onopang'ono. Inakana. Ndione ngati wotchi ya pakona ikulondola. Inkalondola. Kenako anati ndichotse VPN yonse ndi kutsitsa ina yogwirizana ndi sistema yatsopano. Kamzere kotsitsa kankayenda ngati nkhono. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinapukuta tebulo loyera kale. Pawindo ndinkaona dalaivala akunyowetsa masaka n'kuwayala pamwamba pa makatoni. Mthunzi wa mtengo unali utachoka pa kamiyau.

Mayi uja anatuluka, n'kubwera atafumbata kanthu. Anakaika pakhonde, pomwe ndimatha kukaona. Kanali kamwanapiye kachikasu, miyendo itawongoka.

"Afunse abambo akowo ngati kwawo kuli nkhuku," anatero.

"Achemwali," anatero dalaivala ali pakhomo, "muipatse madzi komputadoriyo. Mwina nayonso yakomoka."

Ine ndinapitiriza kuyang'ana pagalasi. VPN yatsopano italowa, nayonso inazungulira n'kukana. Pakhonde panali pataonjezeka tina takufa.

"Dikirani kaye," anatero tekiniko uja. Ndinamva akugogoda mabatani. "Kuno zikuonetsa kuti mukugogoda muli ku Zambia. Mwawoloka ndi komputadori ya ntchito?"

"Ayi, abambo. Ndili pampando wanga."

"Nanga intaneti mukuitenga kuti?"

Ndinafotokoza zonse, za kamodemu ndi za makaritau awiri. Anapuma mwamphamvu.

"Khomo lathu silitsegulira munthu wogogoda ali kunja kwa dziko. Inu muli ku Mozambique, koma intaneti yanu ili ku Zambia. Sinthirani pa karitau wa kwathu."

"M'nyumba muno sagwira."

"Amagwira kuti?"

"Pachulu, kuseri."

"Ndiye pitani pachulu."

Mayi uja anali atamva. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa. Anangonyamula mpando wanga n'kutsogola. Ine ndinanyamula komputadori ndi manja awiri ngati mbale yodzaza. Chulucho n'chosalala pamwamba chifukwa cha mapazi a anthu oimba foni. Dzuwa linkawala pagalasi moti sindinkaona chilembo n'chimodzi chomwe, choncho mayiyo anamasula kapulana, chitenje chake chapamwamba, n'kundiphimba mutu pamodzi ndi komputadori. Dalaivala, pokhala wamtali, anakweza foni yanga m'mwamba.

"Musagwedere," ndinamuuza. Kanali koyamba kulamula munthu wamkulu.

"Mwamva, amayi? Ayamba ushefi," anatero dalaivala.

M'kati mwa kapulana munkanunkha sopo ndi madeya. Thukuta linkagwera pamabatani. VPN inazungulira, ine ndikupemphera osatulutsa mawu, kenako kachizindikiro kake kanasanduka kobiriwira. Ndinalemba za katunduyo zala zikuterereka, ndinawerenganso kuopa kulakwitsa, n'kutumiza.

"Lapita," ndinatero.

Dalaivala anandiponyera foni m'manja n'kuthamangira kwa oyang'anira malire. Mayi uja anavalanso kapulana akutsika chulu. Sipanapite nthawi yaitali kamiyau inalira, ndipo kulira kwa anapiye kunapita kukuchepa mumsewu wa ku Tete.

Takufa tija anatisiya pakhonde. Nyerere zinali zitayamba kale. Ndinabwereka khasu kwa mayi wogulitsa mandasi pafupi nafe, n'kukatikwirira kuseri kwa chulu. Masana onse ndinkangotuluka kukayang'ana mumsewu, ngati kuti kamiyau ibwerera kudzandiuza kuti tafa tingati m'njira.

Ashefi atabwera ndinawauza ndisanawapatse ngakhale madzi. Anangoti kamodemu akakonza. Mayi uja ndinkaopa kuti asamukira kwa okonza mapepala ena. Mwezi wotsatira ndinamvanso anapiye panja, m'mawa dzuwa lisanakwere. Anasuzumira pakhomo, osalowa.

"Mwana wanga, ndisanatsitse mapepala: lero uli dziko liti?"

"Ndili kwathu, amayi."

Analowa n'kukhala pampando.